Pa Njinga m'Chigwa cha Revubwe

Mvula ikagwa pa msika wa Lizulu, madzi ake sapita kumodzi. Ogwera kum'mawa kwa msewu amatsetserekera m'dziko la Malawi. Ogwera kumadzulo amalowa kwathu kuno, natsata timitsinje ta m'madambo a Angonia ndi Tsangano kufikira atasonkhana mu Revubwe, mtsinje umene umakathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Angerezi ndi Apwitikizi, polemba malire m'chaka cha 1891, anatsata msana umenewu wogawa madzi, ndipo chingwe chawocho chinadula pakati midzi, mabanja ndi ufumu wa Angoni. Ife a mbali ino ya chingwe ndife anthu a Revubwe, chingakhale ambiri a ife timangouona mtsinjewu pa mlatho pokha, posuzumira pa zenera la minibasi popita ku Tete.

Abale ndi alongo, ndifuna kukuyendetsani m'chigwa chimenechi pa njinga yakapalasa, m'misewu ya dothi ndi timiyala, kuyambira ku mapiri kumene madzi amabadwira kufikira kumene amathera. Wapagalimoto amadziwa tauni imene wachokera ndi imene akupita. Wapanjinga amadziwa chitunda chilichonse ndi miyendo yake, ndipo sangadutse pamudzi osapereka moni.

Kapena mudzaseka pakumva kuti ku Ulaya ndi ku America kuyenda m'misewu yotereyi kwasanduka masewera a anthu a ndalama. Kumeneko tala anafika m'misewu yambiri, motero anthu amafunafuna dala misewu ya fumbi ya m'nkhalango ndi m'minda, ndipo mafakitale amawapangira njinga zakezake: zopepuka, zamagiya ambiri, zamatayala okulirapo ndi mahandulo opindikira pansi. M'chaka cha 2022 mpikisano woyamba wa dziko lonse wa njinga zotere unachitikira m'chigawo cha Veneto ku Italy. Chimene iwo amachilipirira ndalama, mkulu wa mpingo wa kwathu amachichita m'mawa wa Sabata lililonse, atavala jekete, Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo zili m'chikwama pa kaliyala, pa njinga ya giya imodzi. Koma iye amathamangira belu wa ku nyumba ya mapemphero kumene akukalalika, ndipo alibe mpata wakuima ndi kupenya zimene akuzidutsa.

Nthawi yabwino ya ulendo wotere ndi kuyambira mwezi wa May kufikira August. Pamenepo mitsinje yaphwera, matope auma, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo udzu sunayambe kupsa. M'dzinja, kuyambira December kufikira March, dothi lofiira limamatirira pa tayala mpaka gudumu kukana kuzungulira, ndipo kamtsinje kamene munakadumpha m'mawa kakhoza kukutsekerani njira madzulo. Mu September ndi October fumbi ndi utsi wa lupsa zimabisa mapiri onse. Koma amene anyamuka mu June kapena July akumbukire chovala chotentha, pakuti m'madambo a kumtunda kuno chisanu chimagwa usiku mpaka kuwaula masamba a m'dimba. Pampu, zigamba, sulushoni, sipanala ndi chubu chapadera zikhale m'chikwama, pamodzi ndi chitupa chanu, popeza njira zina zimalowa m'Malawi ndi kutulukamo munthu osazindikira. Ndi bwinonso kutenga kalata ya abusa anu. Ndi kalata imeneyo simudzasowa mphasa ndi nsima m'mpingo uliwonse umene dzuwa lidzakulowerani.

Poyambira pathu ndi pa Ulongwe, tauni imene makolo athu ankaidziwa ndi dzina lakuti Vila Coutinho. Pano ndi pamene pali sukulu yathu ya ubusa ya Hefsiba, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1994, nkhondo itangotha kumene. Msewu wa tala wochokera ku Kalomwe, pa malire a Dedza, umadutsa pomwepa kutsikira ku Musakama. Tala ameneyu timusiye msanga, pakuti ndi wa malole.

Njira yoyamba ndi ya kum'mawa, yolunjika ku malire. Ndi dziko la zitunda zazitali koma zofatsa, la minda yosalekeza: chimanga, nyemba, soya, mbatata ya kachewere, ndi madimba a kabichi ndi tomato m'mphepete mwa madambo. Mudzapatukira ngolo za ng'ombe kawirikawiri, ndipo mikwasa ya magudumu ake ndiyo imagwetsa wapanjinga wosasamala, makamaka pa mtsetse. Kumbali imeneyi ndi kumene Uthenga wa mpingo wathu unalowera. M'chaka cha 1909 Abusa A.G. Murray anachoka ku Mlanda, tsidya la Malawi, nadzayamba ntchito pa Mphatso, dzina limene Sinodi yathu inatenga. Pambuyo pake panatsegulidwa malo ena anayi: Mwenzi, Chiputu, Matenje ndi Benga. M'chaka cha 1922 boma la Apwitikizi linatseka onsewo, ndipo amishoni anachoka. Kwa zaka pafupifupi 50 Akhristu a kuno anakhala opanda mbusa wawo wokhala pakati pawo. Ofuna ubatizo, ukwati kapena Mgonero wa Ambuye anayenera kuwoloka malire kupita ku mipingo ya m'Malawi, ena pansi, ena pa njinga, kawirikawiri mobisa. Ntchito inayambanso poyera m'zaka za m'ma 1970. Tinjira tambiri timene lero timanyamula matumba a mbatata kupita ku misika ya pamalire ndi tomwe tija ankayendamo agogo athu ndi mwana kumsana, kukafuna madzi a ubatizo. Mnyamata wa mpingo wathu ayenera kupalasamo kamodzi, aone kutalika kwake ndi thukuta lake.

Njira zomwezo zinadzazanso m'zaka za m'ma 1980, koma ndi anthu othawa. Pamene nkhondo yapachiweniweni inafika pachimake, dziko la Malawi linasunga anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo midzi yambiri ya Angonia inatsala mabwinja. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, koma kwa zaka zambiri pambuyo pake munthu sankapatuka m'njira chifukwa cha mabomba okwirira. M'mwezi wa September 2015 ndi pamene boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabombawo ayeretsedwa. Mwana wobadwa zaka zimenezi amatsamiritsa njinga pa mtengo uliwonse nalowa patchire osaganiza kanthu. Anzake a atate ake ena anasiya miyendo pa chinthu chomwecho.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaikonda koposa, ndi yochoka pa Ulongwe kulowera ku Lifidzi ndi ku Domwe. Ku Lifidzi kuli mishoni yakale ya Akatolika, imene ansembe a chipani cha Ajezwiti anaiyamba m'zaka zomwe zija Mphatso inkayamba. Mbiri ya pakati pa iwo ndi ife m'nthawi ya atsamunda sinali yokoma, pakuti khomo limene linatsekedwa kwa ife linali lotsegula kwa iwo. Komabe pofika pa Chapotera ndi koyenera kutsika panjinga ndi kuvula chipewa. Pamenepo, kumapeto kwa October 1985, ansembe awiri, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa dziko lino la Angonia, ndi Bambo Sílvio Moreira, anatengedwa usiku naphedwa. Iwo anali atasankha kukhala ndi anthu awo pamene ambiri anali kuthawa. Nkhondo ija sinkafunsa munthu kalata ya mpingo.

Kuchokera pamenepo phiri la Domwe limayamba kukula pamaso panu. Msinkhu wake umapitirira mamita 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mawa wa June nsonga yake imakhala m'mitambo mpaka dzuwa litakwera. Wapanjinga amaliona kwa maola ambiri, tsopano kudzanja lamanja, tsopano kutsogolo, monga mmene msewu ukukhotera, ndipo limaoneka ngati lili pafupi pamene miyendo ikunena zina. Patsinde pa phiri limeneli ndi pamene Angoni a kwa Maseko anakhazikika cha m'ma 1870, atabwerera kuchokera ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania. Anawatsogolera ndi Chidyaonga, ndipo pambuyo pake ufumu unapita kwa Chikuse, atate ake a Gomani woyamba, amene Angerezi anamupha m'chaka cha 1896. Chingoni chenicheni chinatha pakamwa pa anthu, chinatsalira m'mayina a mafuko ndi m'nyimbo za ngoma, koma ng'ombe zilipobe, ndipo madzulo mudzaima kudikira kuti msambi udutse msewu. Amene akufuna kukwera phirilo asiye njinga pamudzi, ayambe wakaonekera kwa mfumu, ndipo apemphe munthu wa pomwepo kuti amutsogolere.

Pali chinthu chimodzi chimene maso a wapanjinga sangalephere kuchiona m'dera lonseli. Pakati pa minda yoyera, yopanda ngakhale mtengo wopumirapo, mumaona kankhalango kowirira, kobiriwira, ka mitengo yakale yaitali. Musafunse kuti ndi ka yani: amenewo ndi manda. Mitengo yachilengedwe imene inatha pena ponse, msuku, mombo, muwanga, mkuyu, yatsalira pamene pagona akufa, chifukwa palibe amalowamo ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha mfumu, ndiponso chifukwa m'malo ambiri ndimo muli dambwe la gule wamkulu. Mpingo wathu uli ndi chiphunzitso chake chomveka pa nkhani ya gule, ndipo sindikuchisintha pano. Koma ndinene chimene ndaona: iwo asunga mitengo yawo, pamene mabwalo a matchalitchi athu ambiri ali mbee, ndipo pa tsiku la Mgonero amayi a Chigwirizano amakhala padzuwa, ana ali pamiyendo. Ngati mantha a mizimu asunga nkhalango, kodi kuopa Mlengi wa nkhalangoyo kwalephera bwanji kusunga ngakhale mitengo khumi kuseri kwa vesitili? Pa njira, mukakumana ndi gule akupita ku maliro, tsikani, patukani, mudikire mwaulemu. Sipafunika mkangano pamsewu.

Nkhalango yeniyeni imayamba mukapitirira Domwe kulowera kumadzulo, pa msewu wopita ku Furancungo, likulu la boma la Makanga. Uwu ndi ulendo wa anthu olimba, ndipo suyenera kupanikizidwa m'tsiku limodzi. Midzi imayamba kutalikirana. Msewu umatsika m'zigwa, kuwoloka kamtsinje, ndi kukweranso, kambirimbiri, mwakuti munthu amaleka kuwerenga. Pa mtsetse timiyala timaterera pansi pa tayala, choncho gwirani buleki ya kumbuyo mofatsa ndipo musadalire ya kutsogolo pokhota. Pa chitunda palibe manyazi kutsika ndi kukankha. Pokankhapo ndi pamene mumamva nkhalango: njiwa, nkhwali zothawa m'udzu, nthawi zina anyani pa thanthwe. M'mphepete mwa timitsinje muli katope, nsungwi ndi mikuyu, ndipo pansi pake madzi amakhala ozizira ngakhale masana. Kumapeto kwa August mitengo ya miombo imaphuka masamba atsopano ofiira ndi ofiirira, mvula isanagwe ngakhale dontho, kotero kuti phiri lonse limaoneka ngati layaka moto wopanda utsi. Amene adzabwerenso nthawi ya mvula yoyamba adzapeza masuku ndi bowa zikugulitsidwa m'mbale m'mbali mwa msewu.

Dziko la Makanga lili ndi mbiri yakeyake. M'zaka za m'ma 1800 linkalamulidwa ndi banja la Caetano Pereira, ndipo wotsiriza wa iwo, Chinsinga, anagonjetsedwa ndi Apwitikizi m'chaka cha 1902. Lero mfumu ya kumeneko ndi fodya. Zigafa zake mudzaziona pamudzi uliwonse.

Pa msewu umenewu, ndi pa misewu yonse yolowera ku matauni, mudzakumana ndi njinga zina zosiyana ndi yanu. Zanyamula matumba a makala, atatu kapena anayi, omangidwa ndi mphira mpaka kupitirira mutu wa mwini wake. Iye sakwera, amangokankha, phewa lili pa thumba, kuyambira usiku. N'kosavuta kwa munthu wokhuta kumudzudzula. Koma makala amenewo akupita ku mbaula za ku Ulongwe ndi ku Tete, ndipo zina mwa mbaulazo zili m'makhitchini a ife akulu a mpingo ndi abusa. Wootcha makala amadziwa bwino kuti chaka chilichonse mitengo ikumka kutali. Miyendo yake ndiyo imamuuza. Chimene alibe ndi njira ina yopezera ndalama ya sopo, mchere ndi makope a ana. Zotsatira zake zimaoneka pa madooko. Pamene phiri lametedwa, ndi pamene alimi alima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, madzi a mvula salowanso pansi. Amathamanga pamwamba, atanyamula nthaka, nakumba zigwembe zimene zimadula msewu, ndipo pofika September kamtsinje kaja kamakhala mchenga wokhawokha. Okalamba a m'midzi imeneyi adzakuuzani maiwe amene ankasambamo ali ana, inu n'kumaona pali minda ya chimanga.

Za Tsangano ndinene mwachidule. Ndi kumtunda kozizira koposa, kwa tirigu, mbatata ya kachewere ndi mapichesi, ndipo mphepo yake ya July imalowa m'mafupa. Zitunda zake n'zowawa, koma pamwamba pake maso amafika kutali kwambiri, mbali ina ku mapiri a Ntcheu, mbali ina ku chigwa chotsikira ku Zambezi, chimene chimaoneka chotuwa ndi nthunzi ya kutentha.

Kutsikira m'chigwa chimenecho ndi kulowa m'dziko lina. Kuchokera ku Ulongwe kukafika ku Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo pa mtunda umenewo munthu amatsika kuchoka ku mapiri a chisanu kufika pa malo amene mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Jekete imalowa m'chikwama. Miombo imachepa, m'malo mwake mukubwera milambe, masawu ndi mitengo ya minga, ndipo minga imeneyo ndi mdani wa chubu. Zigamba zimene simunazigwiritse kumtunda zidzathera kuno. Ng'ombe zimachepa, mbuzi zimachuluka. Moni amasintha, pakuti tsopano muli pakati pa Anyungwe, ngakhale kuti mukalankhula modekha mudzamvana. Yendani m'mamawa ndi madzulo okha, ndipo musadutse mjigo osadzaza botolo. Pamene njira ya dothi yakukanikani ndipo muyenera kulowa mu msewu waukulu wochokera ku Zobwe, khalani m'mbali kwenikweni, chifukwa malole a pa msewu umenewu sapatukira njinga.

Kuno ndi kumene Revubwe amaoneka ukulu wake: m'chilimwe mchenga wotambalala, madzi akuyenda m'mbali mwake, amayi akuchapa, anyamata akumwetsa ziweto, madimba obiriwira m'magombe. Koma mtsinje womwewu uli ndi nkhope ina. M'mwezi wa March 2019 unasefukira usiku numiza nyumba zambiri ku Chingodzi, ndipo mu January 2022, pa namondwe wotchedwa Ana, unagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Mvula ya masiku amenewo inali yoopsa, ndipo palibe nkhalango ikadaimitsa madzi onsewo. Komabe ife a kumtunda tisadzinamize kuti nkhaniyi sitikhudzidwa nayo. Madzi amene amalowa m'nyumba za abale athu a ku Chingodzi amakhala ofiira, ndipo kufiira kumeneko ndi nthaka ya minda ya kwathu. Sinodi imodzi ili ndi mipingo kumutu kwa mtsinje ndi kumatsiriziro kwake. Nkhani ya mitengo ya m'magombe ikadayenera kukhala ndi malo pa misonkhano yathu, pafupi ndi nkhani ya zopereka ndi ya malata a tchalitchi.

Dera la Moatize ndi la malasha. Migodi ikuluikulu ya masiku ano inayamba kutulutsa malasha cha m'ma 2011, ndipo kuti ikumbidwe, mabanja ambiri anasamutsidwa kupita ku Cateme ndi ku Mwaladzi. Ena mwa iwo anali a m'mphepete mwa Revubwe, anthu ozolowera dimba, nsomba ndi kuumba njerwa, ndipo anakapezeka ali kutali ndi mtsinje ndi msika. Wapanjinga amaona milu yakuda ya dothi la m'migodi, yaitali ngati mapiri, ndipo fumbi lake amalimva m'mano.

Ulendo umathera pa Benga, pamene Revubwe amalowa mu Zambezi. Dzina limeneli tinalitchula kale pakati pa malo asanu a mishoni amene anatsekedwa m'chaka cha 1922; amishoni aja anagwira chigwachi kumutu ndi kumapazi. Lero pa Benga pali mgodi, ndiponso mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa m'chaka cha 2014 kuti malole olemera asamadutse pa mlatho wakale wa Samora Machel m'kati mwa mzinda. Madzulo, kutentha kukachepa, asodzi amatuluka ndi mabwato awo, ndipo tsidya linalo magetsi a Tete amayamba kuyaka.

Pobwerera sindikulangiza munthu kupalasa, pokhapokha ngati ali ndi masiku ambiri ndi mawondo achinyamata, chifukwa mitsetse yonse ija tsopano yasanduka zitunda. Kwezani njinga pa galimoto yopita ku Angonia, mugwirizane mtengo wake musanakwere, ndipo muonetsetse nokha mmene aimangira, kuti masipoko asathyoke ndi katundu wa ena. Jekete ija ikhale pamwamba m'chikwama. Mukangopitirira Musakama mudzaifuna.